Kodi Nsambo Zobvomera Ziri ndi Nchito pa Sitar ya Magetsi?

Nkhani imene ndabwera nayo m'magazini athu a chaka chino ndi ya choimbira chimene ambiri a ife sitinachigwirepo m'manja, koma mau ache tinawamvapo pa wailesi kapena m'mafilimu a ku India. Choimbiracho ndi sitar. Pali sitar yeniyeni ya ku India, ndipo pali inanso ya magetsi imene anaipanga ku America m'chaka cha 1967. Zonse ziwiri ziri ndi nsambo zina zimene woimba sazikhudza pamene akuimba nyimbo, pakuti anaziika kuti zizilira zokha zinzache zikalira. Nsambo zimenezi ine ndizitcha nsambo zobvomera, chifukwa nchito yache ndi yonga ya amai amene amabvomera nyimbo mnzao akaitsogolera pamtondo. Ganizo langa ndinene poyamba pomwe, kuti amene afuna kunditsutsa ayambiretu kusongola mapensulo ao. Pa sitar ya ku India nsambozi ndi theka la moyo wa choimbiracho. Pa sitar ya magetsi ndi zokongoletsa chabe, ndipo ulemu umene zimalandira ndi wa kanthu kena kakang'ono kamene anthu sakayang'ana n'komwe.

Tiyambe taiona sitar yeniyeniyo. Thupi lache ndi chipanda chachikulu chouma, chodulidwa mbali imodzi ndi kutsekedwa ndi thabwa lopyapyala. Khosi lache ndi lalitali ndi lotambalala, ndipo m'kati mwache muli mphako. Pa khosipo pali timipiringidzo tachitsulo topindika ngati uta, tomangirira ndi ulusi kuti woimba athe kutisuntha. Pamwamba pa timipiringidzoto pamadutsa nsambo 6 kapena 7, ndipo izi ndizo woimba amaliza ndi kawaya kobvala ku chala, kotchedwa mizrab. Pansi pa timipiringidzoto, mobisika, mumadutsa nsambo zina zopyapyala 11, 12 kapena 13. Zimenezi eni ache amati tarab, ndizo zobvomera zija. Dzina lakuti sitar linachokera ku chinenero cha ku Persia, ndipo tanthauzo lache ndi nsambo zitatu. Onani tsono kuti choimbira chimene dzina lache linena za nsambo zitatu lero chiri ndi nsambo zofika 20. Chinayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1700, ndipo amisiri anaonjezapo nsambo zobvomerazo pambuyo pache, m'zaka za m'ma 1800.

Nanga nsambo ingalire bwanji popanda woikhudza? Si matsenga ai. Nsambo iriyonse yokungidwa iri ndi liwiro lachelache la kanjenjemeredwe, monga mwa utali wache, kunenepa kwache ndi kukungika kwache. Pa gitala yochunidwa bwino, nsambo yachisanu, ya A, imanjenjemera ka 110 pa sekondi imodzi. Ngati pafupi nayo pali chinthu china chimene chikunjenjemeranso ka 110 pa sekondi, nsamboyo imayamba kugwedezeka yokha. Ziri ngati katungwe. Kamwana kakang'ono kangathe kumfikitsa m'mwamba munthu wamkulu, malinga kazikankha pang'onopang'ono pa nthawi yache yeniyeni, pamene katungwe wayamba kubwerera. Koma kakamakankha mwachisawawa, kadzangotopa chabe, katungwe osapita patali.

Zimenezi mungaziyese nokha tikatha maphunziro a madzulo. Bwerekani gitala, mung'ambe kapepala kakang'ono, mukapinde pakati ndi kukakhazika pa nsambo yachisanu monga munthu wokwera bulu. Kenaka dinikizani nsambo yaikulu ija, yachisanu ndi chimodzi, pa mpata wachisanu, muilize mwamphamvu. Kapepala kaja kadzayamba kubvina ngakhale nsambo yache simunaikhudze, chifukwa pa mpata umenewo nsambo yaikulu ikupereka A yemweyo wa 110. Sunthirani chala pa mpata wachinai, mulizenso, ndipo kapepala kadzangokhala duu. Koma chimene ndifuna kuti musunge m'mutu ndi njira imene mphamvuyo yayendamo. Yatsika kuchokera ku nsambo yolizidwa, yalowa mu mtsamiro umene nsambo zonse zagonapo, yagwedeza thabwa lopyapyala la pamimba pa gitala, nifika ku nsambo inzache. Yoyenda mu mpweya ndi yochepa kwambiri. Popanda thabwa logwedezeka mosabvuta, kubvomera kumakhala kofooka.

Amwenye anapanga nsambo zao zobvomera molingana ndi kaimbidwe kao. Nyimbo za akatswiri a kumpoto kwa India zimamangidwa pa chimene amati raga. Raga ndi gulu la mau osankhidwa, kawirikawiri 5, 6 kapena 7, pamodzi ndi malamulo a kakweredwe ndi katsikidwe kache. Liu la maziko, limene amati Sa, silisuntha kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ngakhale nyimboyo itenge ola lathunthu. Chotero woimba asanayambe amakhala pansi nakunga tarab imodzi ndi imodzi kuti iriyonse ifanane ndi liu limodzi la raga imene afuna kuimba, ndipo akasintha raga amakunganso. Omvera amadikira osadandaula. Kumbali kuno anthu sanazolowere zimenezi. Pa chiimbo chothandiza anthu a ku Bangladesh chimene chinachitika ku New York m'chaka cha 1971, Ravi Shankar ndi anzache atangotha kuchuna zoimbira zao, khamu la anthu linaomba m'manja poyesa kuti nyimbo yoyamba yatha.

Kudikirako kuli ndi malipiro ache. Liu lirilonse limene woimba aliza liri ndi nsambo yache pansipo yoliyembekeza, ndipo palibe nsambo imene ingabvomere liu lachilendo. Chokoma koposa chimachitika pamene woimba akoka nsambo cham'mbali pa kampiringidzo kopindika kaja, kuti liu likwere lokha mosadukiza kupyola mau anai kapena asanu. Kukokako amati meend. Liulo likamakwera limadzutsa tarab imodzi, kenaka ina, kenaka inanso, monga munthu woyenda m'mudzi m'mamawa amene agalu a nyumba iriyonse amamlonjera akafika pakhomo pao. Atasiya woimba, zija zadzukazi zimatsala zikulirabe. Apa palibe munthu wa makutu awiri amene anganene kuti nsambozi ziribe nchito.

Tsono tiolokere ku England ndi ku America. M'chaka cha 1965 George Harrison wa gulu la Beatles analiza sitar m'nyimbo yao yotchedwa "Norwegian Wood", ndipo m'chaka chotsatira Brian Jones wa Rolling Stones anachita chomwecho m'nyimbo ya "Paint It Black". Mu 1967 Ravi Shankar mwini wache anaimba pa chikondwerero cha nyimbo za achinyamata ku Monterey, m'chigawo cha California. Posachedwa wojambula mbale aliyense anafuna kuti m'nyimbo zache mumveke sitar. Koma sitar siiphunzirika m'sabata imodzi. Shankar anakhala ku Maihar pa mapazi a mphunzitsi wache Allauddin Khan kuyambira 1938 mpaka 1944. Oliza gitala a ganyu m'nyumba zojambulira nyimbo analibe zaka zotero, pakuti iwo ankauzidwa lero kuti mawa m'mawa abwere ndi mau akutiakuti. Mmodzi wa iwo, Vincent Bell wa ku New York, anapangana ndi kampani ya Danelectro ya ku New Jersey, ndipo mu 1967 anatulutsa choimbira chotchedwa Coral Electric Sitar.

Kunena mosabisa, chinthuchi ndi gitala. Chiri ndi nsambo 6 zochunidwa monga za gitala, khosi la gitala ndi timipiringidzo ta gitala, kotero kuti wodziwa gitala amangochinyamula nayamba kuimba tsiku lomwelo. Kumtunda kwa thupi lache anayalako nsambo zina zazifupi 13, zondandalika ngati za bangwe, ndizo zobvomera zache. Anaikanso ma pickup atatu, awiri a nsambo zoimbira ndi imodzi ya zobvomerazo. Pickup ndi kamaginito kokulungidwa ndi waya, kamene kamasandutsa kunjenjemera kwa nsambo yachitsulo kukhala mphamvu ya magetsi yopita ku chokuzira mau. Choimbirachi chinayenda malonda m'nyumba zojambulira. Chikumveka mu "Green Tambourine" ya Lemon Pipers ya 1967, mu "Cry Like a Baby" ya Box Tops ya 1968, mu "Signed, Sealed, Delivered" ya Stevie Wonder ya 1970, ndi mu "Do It Again" ya Steely Dan ya 1972.

Womvera nyimbo zimenezi amati, "Inde, iyi ndi sitar." Kodi chimene chamuuza n'chiyani? Ndi kusasa kwa mau, kuja kolira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Kusasako sikuchokera ku nsambo 13 zija, ngakhale ndizo zimakopa maso. Kumachokera ku mtsamiro. Mtsamiro wa gitala wamba ndi wosongoka, ndipo nsambo imaugunda pa kamalo kamodzi kokha. Wa sitar ndi wotambalala, wotsetsereka pang'ono kwambiri, wosemedwa ku fupa, ku nyanga kapena ku mtengo wolimba. Nsambo ikamanjenjemera imakhudza ndi kusiya, kukhudza ndi kusiya pamwamba pa mtsamirowo kambirimbiri pa sekondi, ndipo kukhudzako kumabala timau tambiri tapamwamba tosanganikirana ndi liu lenileni. Amwenye amati jawari. Kupala mtsamiro kuti usase bwino ndi umisiri pa wokha, ndipo oimba otchuka amapita nazo sitar zao kwa amisiri odziwa zimenezi. Chimene Vincent Bell anachita chanzeru ndicho kupanga mtsamiro wotere woyenera nsambo za gitala.

Umboni wa ichi ulipo ku India komweko. Kuli choimbira china chotchedwa tanpura, chimene chimalira kumbuyo kwa woimba kusunga liu la maziko lija. Kawirikawiri chiri ndi nsambo zinai zokha, chiribe yobvomera ndi imodzi yomwe, koma chimasasa koposa sitar, chifukwa mtsamiro wache ndi wa mtundu womwewo, ndipo pakati pa nsambo ndi mtsamiro amalowetsapo kaulusi. C. V. Raman, katswiri wa sayansi wa ku India amene analandira mphotho ya Nobel mu 1930 chifukwa cha zofufuza zache za kuwala, analemapo za mitsamiro imeneyi mu 1921. Ife a kuno kusasa kotere sikuyenera kutidabwitsa. Amisiri a valimba a ku Chigwa cha Shire amaboola zipanda zimene amamangirira pansi pa mitengo yoimbira, namatapo kachikopa koyera ka kangaude kuti mau azisasa, ndipo opanga kalimba amamangirirapo tizigoba kapena tizitsekero ta mabotolo. Makutu athu ndi a Amwenye anagwirizana kale kuti liu loyera mbee ndi losakolera mchere.

Nanga n'chifukwa ninji nsambo 13 za pa Coral sizichita zimene tarab zimachita? Choyamba ndi njira ya mphamvu ija ndinati musunge m'mutu. Pa sitar ya ku India, mtsamiro waukulu ndi kamtsamiro ka tarab zaima moyandikana pa thabwa limodzi lopyapyala lotseka chipanda, ndipo khosi lomwe ndi lamphako, kotero kuti choimbira chonse chimanthunthumira pamodzi. Gitala ya magetsi anaipanga ndi cholinga china. Thupi lache ndi lathyathyathya ndi louma gwa, kuti mphamvu ikhalitse m'nsambo momwemo, pickup iitole. Chimenecho n'chabwino kwa nsambo yolizidwa, koma kwa yobvomera ndi njala. Pa Coral nsambo 13 ziri pambali, pa mitsamiro yaoyao, ndipo kamphamvu kamene kamazifika n'kochepa. Ziri ngati kuika amai obvomera m'nyumba ina, kutseka chitseko, kenaka n'kumadabwa kuti sakuyankha. Ndiponso popeza nsambozo n'zazifupi, mau ache ndi apamwamba okhaokha, ndipo mau ambiri apansi a gitala amadutsa osapeza wowabvomera mokwanira.

Chachiwiri ndi nyimbo zimene. Nyimbo za gitala za Azungu, ngakhale zathu zamakono, zimayenda posintha ma chord, ndiwo magulu a mau atatu kapena anai olizidwa pamodzi, ndipo kusinthako kumachitika pa masekondi owerengeka. Mukachuna nsambo zobvomera kuti zigwirizane ndi chord yoyamba, yachiwiri ikafika zidzakhala zikulirabe zakale, popeza palibe chozitontholetsa. Ena amazichuna motsatana, liu lirilonse ndi theka lache, kuchokera pa C kukafika pa C wapamwamba, ndipo zimakwana 13 ndendende. Potero liu lirilonse liri ndi mnzache, inde, koma zimene zatsala zikulira zimalimbana ndi zobwera pambuyo. Amene anaonapo piyano ayese kuponda chopondera cha kumanja osachisiya mpaka nyimbo ya m'kachisi ithe. Chopondacho chimamasula nsambo zonse kuti zizibvomera, ndipo mzere woyamba umakoma ndithu, koma pofika wachitatu zonse zasanduka phala. Choncho woliza sitar ya magetsi ali pakati pa mabvuto awiri: nsambozo zikakhala chete ziribe phindu, zikamveka zisokoneza.

Pamwamba pa izi pali thukuta la kuchuna. Nsambo 13 zija zimakungidwa pa timisomali ndi kasipanala kache, imodzi ndi imodzi, ndipo yophonya pang'ono siibvomera konse, monga kapepala kathu kanakhalira duu pa mpata wachinai. Walira mvula walira matope. Woliza sitar wa ku India amalandira matopewo mokondwa chifukwa mvula yache amaiona. Woliza ya magetsi amatsala ndi matope okha. Kampani ya Danelectro yomweyo inagulitsanso mtundu wina wotsika mtengo, umene anthu amautcha Baby Sitar, wa nsambo 6 ndi mtsamiro wosasa uja, wopanda yobvomera ndi imodzi yomwe. Womvera akaumva amanenabe kuti, "Iyi ndi sitar." Kwa ine umboni umenewu ndi wolemera kuposa wina uliwonse, pakuti unachokera kwa eni ache opanga.

Ndidziwa kuti ena adzati, "Iai, mnzathu, nsambozo ziri ndi nchito, chifukwa woimba angathe kuzikwapula zonse ndi chala, zimveke ngati madzi otsika pa mathithi." Zoona, ndipo n'zokoma kumva. Oliza sitar a ku India nawonso amakwapula tarab zao poyamba nyimbo kuti omvera amve mau a raga imene ikubwera. Koma taonani kuti nsambo yokwapulidwa ndi chala siikubvomera, ikutsogolera. Pamenepo chimene muli nacho ndi kazeze kakang'ono komatidwa pa gitala, ndipo m'nyimbo yonse mudzakagwiritsa nchito kamodzi kapena kawiri. Ngati ndiyo nchito yache, tiitche dzina lache loona.

Ena adzati, "Kweza chokuzira mau, udzazimva." Apa ndiwapatsako mbali. Chokuzira mau chikafuula kwambiri chimagwedeza mpweya, pansi ndi choimbira chomwe, ndipo nsambo zija zimadzuka. Popeza ziri ndi pickup yaoyao, mungathe kuikweza yokha kuti kakulira kao kamveke. Munthu amene akuimba nyimbo yodekha, yokhala pa liu limodzi la maziko osasintha ma chord, ndipo wapirira kuchuna zonse 13 molingana ndi nyimboyo, adzapezadi kamthunzi ka mau kotsata pambuyo. Koma onani zimene wachita kuti afike pamenepo. Wasiya kaimbidwe ka gitala natsata ka raga. Ndiye kuti nsambozo zayamba kugwira nchito pokhapokha woimba atabwerera ku nyimbo zimene anazipangira. Amene anagula Coral kuti alize timau tochepa tosasa m'nyimbo ya mphindi zitatu ya pa wailesi sanali kufuna zimenezo.

Ndiganiza kuti nchito yaikulu ya nsambo 13 zija inali ya m'sitolo. M'chaka cha 1967 wogula anafunika kuona ndi maso kuti chinthuchi n'cha Chimwenye. Gitala ya mtsamiro wachilendo yokha ikanaoneka ngati gitala wamba, ndipo woiyesa akanati yaonongeka, popeza pa gitala kusasa ndi chizindikiro cha chilema. Koma ikakhala ndi mpanda wa nsambo zonyezimira pambali, kusasa komweko kumasanduka ulemerero. Sindiwanyoza amalondawo, anadziwa nchito yao. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu ambiri anamva chithunzithunzi ichi nayesa kuti amva sitar, ndipo ena mwa iwo, poona kuti nsambo za pa Coral sizichita kanthu, anagamula kuti nsambo zobvomera kulikonse ndi bodza.

Amenewo alakwa koposa oyamba aja. Ku India komweko kuli sarangi, choimbira chokwecha ndi uta monga kaligo, chimene chiri ndi nsambo zobvomera zoposa 30. Ku Norway kuli Hardanger fiddle, ya nsambo zinai pamwamba ndi zinai kapena zisanu pansi. Ku Italy Antonio Vivaldi analemba nyimbo za viola d'amore, imenenso iri ndi nsambo zobisika pansi pa zinzache. Anthu a maiko otalikirana chotere sakanasunga chinthu chobvuta kuchuna kwa zaka mazana chikanakhala chopanda phindu. Koma zoimbira zonsezi ziri ndi thupi lamphako lopepuka, ndipo zonse zimachunidwa molingana ndi nyimbo imene ikudza.

Pa tchuthi, amene mungapeze foni kapena kompyuta, funani nyimbo ya Ravi Shankar kapena ya Vilayat Khan, mumvetsere chigawo choyamba chodekha chija, chimene amati alap, ng'oma zisanalowe. Tcherani khutu pa kamphindi kamene woimba waliza liu limodzi naimitsa dzanja. Mudzamva kuti choimbira sichinatonthole, pansipo pali timau tikupitirira tokha. Kenaka ikani "Do It Again", mufike pamene Denny Dias akuliza sitar ya magetsi. Kalizidwe kache n'kaluso ndithu, ndipo ine ndimakakonda. Koma liu lirilonse limasasa, nkufota msanga, ndipo chimene chimatsala kumbuyo kwache ndi ng'oma ndi piyano ya magetsi.